Timadya mgonero pamodzi koma sitilankhulana ndi achimwene anga: kodi mtendere wa Khristu uli pati?

NaMbewe_wa_Chilomoni
Moni nonse pagulu pano. Ndakhala ndikungowerenga zokambirana zanu osalembapo kanthu, koma lero ndalimba mtima chifukwa nkhaniyi yandikulira. Bambo athu atamwalira anasiya nyumba m'tauni, momwe tonse tinakulira. Sanalembe wilo. Tisanamange n'komwe chiliza, achimwene athu oyamba kubadwa anagulitsa nyumbayo osatiuza ife alongo awo, ndipo mayi anawauza kuti abwerere kumudzi. Ndalama ife sitinaione. Kuchokera pamenepo sitilankhulana, ngakhale pamaliro timangodutsana.

Chondipweteka kwambiri n'chakuti timapemphera mpingo umodzi, iwo amaimba kwaya. Tsiku la mgonero timalandira mkate umodzi ndi chikho chimodzi, tikatuluka aliyense njira yake. Tulo sindikuliona, BP yakwera, ndipo ndikagwada kuti ndipemphere nkhope yawo ndi imene imabwera. Abusa amalalikira kuti Khristu ndiye mtendere wathu, ndipo ine ndimakhulupirira ndi mtima wonse. Nanga bwanji mumtima mwanga muli nkhondo chonchi? Kodi ndisiye kaye mgonero? Kodi kukhululuka ndiye kuti ndiiwale za nyumba ndi za mayi anga?

MotoWaPentekoste
Asisi khululukani basi. Ambuye anauza Petro kuti makumi asanu ndi awiri kuchulukitsa kasanu ndi kawiri. Nyumba ndi za pansi pano, tonse tidzazisiya. Salani kudya, perekani nkhaniyi kwa Mulungu, muona mtendere ukubwera.

Mtchona_wa_ku_Joni
A Moto, kuyankhula n'kosavuta. Apa pali mayi wamasiye amene wachotsedwa m'nyumba mwake. Mukuti asale kudya, nanga mayiwo akudya chiyani kumudziko?

MkuluWaMpingo_Dowa
Mayi NaMbewe, pepani ndi imfa ya bambo, pepaninso ndi zimene zatsatirazi. Funso lanu la mgonero ndi lolemera ndipo ndiliyankha mosathamanga.

Pali malo awiri mu Mateyu amene ndimawawerenga pamodzi. Pa 5:23-24 Yesu akunena za munthu amene wafika ndi chopereka pa guwa, nakumbukira kuti m'bale wake ali naye chifukwa. Ameneyo asiye chopereka, apite kaye akayanjane. Apa amene akulamulidwa kunyamuka ndi wolakwa. Pa 18:15 akunena za amene walakwiridwa: pita, ukam'dzudzule muli awiri. Akapanda kumva, tenga wina mmodzi kapena awiri. Akakanabe, uuze mpingo. Ndiye taonani, Ambuye sanasiye mpata woti wina akhale pansi n'kumati "ayambe iyeyo". Onse awiri atumidwa, ndipo zikanayenda bwino bwenzi mukukumana panjira.

Tsono za mgonero. Paulo pa 1 Akorinto 11:28 akuti munthu adziyese yekha, kenako adye. Sananene kuti adziyese n'kuthawa. Dzifunseni ichi: kodi ndikufuna achimwene anga awonongeke, kapena ndikufuna chilungamo ndi chiyanjano koma ndikusowa poyambira? Ngati ndi chachiwirichi, gome limenelo ndi lanu, chifukwa linayalidwira anthu osweka. Koma musadye n'kukhala chete. Kale ife akulu ampingo tinkayenda m'milaga mgonero usanafike, kufunsa ngati pali osemphana. Masiku ano ambiri tinasiya, ndipo n'chifukwa chake anthu ngati inu akusenza zoterezi okha. Pitani kwa mkulu wa mlaga wanu mukam'fotokozere.

Wokayika_Zomba
Ine ndinakulira m'tchalitchi koma ndinasiya, ndiye ndiyankhula mosabisa. Mpingo ungaphunzitse bwanji banja umodzi pomwe wokha ukulephera? CCAP inapangidwa mu 1924 pamene Livingstonia ndi Blantyre anagwirizana, Nkhoma n'kulowa mu 1926. Dzina limodzi, chikhulupiriro chimodzi. Koma tonse tinaona mkangano wa malire pakati pa Livingstonia ndi Nkhoma, mpaka ena kutsegula matchalitchi ku Lilongwe, ena ku Mzuzu. Mipingo ina imagawikana chifukwa cha chopereka. Ku Rwanda mu 1994 anthu anaphedwera m'matchalitchi ku Nyamata ndi ku Ntarama, m'dziko limene ambiri anali obatizidwa. Umodzi umene mumanenawo uli kuti?

MayiWaChigwirizano
A Wokayika, zimene mwanenazo ndi zoona ndipo zimatichititsa manyazi. Sindikutsutsani. Koma Baibulo lenilenilo silinabise zimenezi. Ku Filipi kunali amayi awiri, Euodiya ndi Suntuke, amene anagwira ntchito ya uthenga pamodzi ndi Paulo, koma anasemphana mpaka Paulo kuwatchula maina m'kalata, n'kupempha munthu wachitatu kuti awathandize. Paulo yemweyo anakangana ndi Barnaba chifukwa cha Marko mpaka kulekana, werengani Machitidwe 15. Pambuyo pake ali m'ndende analembera Timoteo kuti abwere ndi Marko chifukwa ndi wofunika kwa iye. Yesu pa Yohane 17 anapempherera umodzi wathu usiku woti aperekedwa mawa lake lisanache. Akanaona kuti ubwera wokha sakanaupempherera. Mpingo ukagawikana ukuchimwira uthenga wake womwe, ndipo uthengawo ndi umene umauweruza.

Wokayika_Zomba
Bola inu mwavomera. Ambiri amangonditukwana.

Mphunzitsi_Wopuma
Ndikufuna kubwerera kwa a Moto, chifukwa pali kusokoneza kumene kwapweteka Akhristu ambiri, makamaka amayi. Timaphunzitsidwa kuti mtendere ndi kukhala chete. Ife amene tinalipo nthawi ya chipani chimodzi tikudziwa kuti dziko likhoza kukhala zii koma mulibe mtendere. Pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi, motsogozedwa ndi Archbishop James Chiona, yonena poyera za kuponderezana, malipiro osakwanira ndi mantha amene anthu ankakhala nawo. Boma linati akusokoneza bata, ndipo Monsignor John Roche anathamangitsidwa m'dziko. Koma kalata imeneyo ndi imene inakokera pamodzi Akatolika, a CCAP, a Anglican ndi Asilamu mu Public Affairs Committee, mpaka riferendamu ya pa 14 Juni 1993. A Wokayika, ichinso ndi mbiri ya mpingo, muiwerengere pamodzi ndi ya malire ija.

Chimene ndikunena n'chakuti umodzi weniweni unabwera choonadi chitanenedwa. M'banja n'chimodzimodzi. Mayi NaMbewe akangoti "ndakhululuka" n'kumeza zonse, banjalo lioneka labata pamaso pa anthu, koma mkati mukhala chilonda chosatsukidwa, ndipo ana awo ndi ana a achimwenewo adzatengera chidanicho osadziwa n'komwe chinayambira.

MotoWaPentekoste
Aphunzitsi, sindinanene kuti abise choonadi. Ndanena kuti mtima uyambe wamasuka. Munthu wodzala ndi mkwiyo akapita kukakamba mlandu amangowonjezera moto.

Mphunzitsi_Wopuma
Pamenepo tikugwirizana.

ZaMalamulo_LL
Ndionjezereko mbali ya malamulo, chifukwa ambiri sadziwa. Kuyambira 2011 tili ndi lamulo la Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act. Munthu akamwalira wopanda wilo, chuma chake choyamba ndi cha mkazi kapena mwamuna wotsalayo ndi ana onse, aamuna ndi aakazi mofanana, komanso amene ankadalira malemuyo. Mwana woyamba alibe mphamvu yogulitsa nyumba payekha chifukwa choti ndi wamkulu kapena ndi mwamuna. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu pansi pa lamulo limeneli. Mutha kukafunsa kwa DC, kwa Administrator General kapena ku Legal Aid Bureau.

Ndipo musadzione ngati wochimwa pofunsa gawo lanu. Pa Numeri 27 ana aakazi asanu a Zelofehadi anaima pamaso pa Mose kupempha cholowa cha bambo awo, ndipo Mulungu anati akunena zoona.

MotoWaPentekoste
Koma 1 Akorinto 6 ikuletsa kutengerana ku khoti abale okhaokha.

ZaMalamulo_LL
Werenganibe mutu womwewo a Moto. Ndime 5 Paulo akufunsa ngati pakati pawo palibe ngakhale munthu mmodzi wanzeru woti n'kuweruza pakati pa abale. Ndime 8 akudzudzula amene akulanda za abale awo. Akuchititsa manyazi mpingo umene ukulephera kukonza nkhani zake, sakuteteza wolanda. Ine ndinganene kuti ayambe ndi amalume ndi akulu ampingo. Zikakanika, lamulo lilipo, makamaka chifukwa cha mayi okalambawo.

Gogo_wa_Mitundu
Chibale ndi fupa, sichiwola. Musathamangire ku khoti ana inu.

Mtchona_wa_ku_Joni
Agogo, mlandunso suwola.

Namwino_wa_Usiku
Ine ndagwira mawu oti tulo sakuliona ndipo BP yakwera. Achemwali, chonde pitani kuchipatala akakuyezeni, ndipo ngati anakupatsani kale mankhwala musasiye kumwa. Ngati mukufuna kusala kudya funsani kaye adokotala. Chisoni cha imfa ya bambo chaphatikizana ndi mkwiyo, thupi silingasenze zonsezo osadandaula.

Ndine Mkhristu ndipo ndimapemphera ndi odwala akandipempha. Koma ndimawakumbutsa za Eliya pa 1 Mafumu 19. Mneneri wamkulu, atangoona moto ukutsika pa Karimeli, anathawira kuchipululu n'kupempha kuti afe. Mulungu sanayambe n'kumukalipira. Anamusiya agone, anam'patsa mkate ndi madzi, anagonanso, anadyanso, kenako m'pamene anayankhula naye. Pomaliza anamuuza kuti sali yekha, n'kum'patsa Elisa woti aziyenda naye. Kusowa tulo si umboni woti chikhulupiriro chanu chachepa. Ngati maganizo akukulemerani kwambiri, alangizi alipo, monga a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso m'zipatala zikuluzikulu za boma. Kulankhula ndi mlangizi sikutsutsana ndi pemphero.

NaMbewe_wa_Chilomoni
Zikomo nonse, ndawerenga chilichonse. A Namwino, kuchipatala ndipita. Ndionjezere zinthu ziwiri zimene sindinalembe poyamba. Bambo anadwala nthawi yaitali, ndipo achimwenewo ndi amene ankathamanga nawo m'zipatala ndi kugula mankhwala. Mchemwali wanga wamng'ono anamva kwa anthu kuti anakongola ndalama za katapila ndipo okongozawo ankawaopseza. Kaya ndi zoona kaya ayi, iwo sanatiuzepo. Chachiwiri, mnzanga anandiperekeza kwa mneneri wina, ndipo mneneriyo anati alamu anga, akazi a achimwenewo, ndi amene anawadyetsa mankhwala kuti atidane. Kuchokera tsiku limenelo ndikawaona alamuwo mtima umandiwira.

MayiWaChigwirizano
Ayi ayi ayi. Mayi, mawu a mneneri ameneyo muwataye kutali. Munalowa ndi mdani mmodzi mumtima, mwatuluka ndi awiri. Umenewo si Mzimu wa Khristu.

Mphunzitsi_Wopuma
Nkhani imeneyi yapasula mabanja ambiri m'dziko muno. Munthu wadwala, bizinesi yagwa, mwana walephera mayeso, mneneri akuti ndi azakhali, ndi agogo, ndi apongozi. Tamvapo kangati m'nyuzi za okalamba akumenyedwa kapena kuphedwa kumene ndi adzukulu awo chifukwa chowaganizira ufiti? Lamulo la Witchcraft Act la 1911 likadalipo, ndipo kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Koma ngakhale lamulo likanapanda kukhalapo, Agalatiya 5 ikutchula chipatso cha Mzimu: chikondi, chimwemwe, mtendere, kuleza mtima. Uneneri umene chipatso chake ndi kudana kwa pachibale tiziuyesa ndi muyeso umenewo.

MotoWaPentekoste
Apa ndiima nanu limodzi. Musatiike tonse m'gulu limodzi, abusa athu amakana zotchula maina a anthu pa nthawi ya mapemphero. Amati nkhondo yathu si yolimbana ndi thupi ndi mwazi, ndiye ukaloza chala munthu wasemphana kale ndi Aefeso 6. Asisi, alamu anuwo mwina nawonso akugona ndi mantha a ngongole yomweyo.

Wokayika_Zomba
Zimenezi n'zina mwa zimene zinandichotsa. Agogo anga aakazi anamwalira ana awo ena osawayendera chifukwa cha mawu a mneneri.

Namwino_wa_Usiku
Pepani kwambiri a Wokayika.

Mphakati_Dedza
Ndine Mkatolika, ndigaweko zimene zinandichitikira. Mng'ono wanga anagulitsa ng'ombe za malemu bambo n'kupita nazo ndalama kutauni. Ndinam'da kwambiri. Pa Misa, nthawi yopatsana moni wa mtendere isanafike Ukaristia, dzanja ndinkapereka kwa anthu osawadziwa koma mumtima ndikutemberera mwana wa mayi anga. Nditapita kokalapa, bambo mfumu sanandiuze kuti ndiiwale. Anandipatsa ntchito yoti ndizim'tchula dzina m'pemphero tsiku lililonse, kum'pemphera zabwino zenizeni: thanzi, ntchito, ana ake. Poyamba mawu ankakanika kutuluka. M'kupita kwa nthawi ndinazindikira kuti ndasiya kukonza m'mutu mawu oti ndidzamunyoze nawo. Tulo tinabwerera iye asanapepese n'komwe.

Ng'ombe sanabweze mpaka lero. Anadzabwera mayi atadwala, tinasinthana kugonera kuchipatala, ndipo usiku wina analira n'kunena zonse. Anthu a mumphakati mwathu ndi amene ankatibweretsera chakudya, ndipo mmodzi wa iwo, bambo wachikulire, ndi amene anatikhazika pansi. Pandekha sindikanatha. Ndiye kwa ine pali zinthu ziwiri. Kukhululuka kunachitika mwa ine, pakati pa ine ndi Mulungu. Kuyanjana kunafuna anthu awiri, ndiponso wachitatu wotithandiza.

Mlendo_ku_Leeds
A Mphakati mwandigwira mtima. Koma ndikufuna tisachepetse mbali ya kubweza. Zakeyu atakumana ndi Yesu sanangoti pepani, anati theka la chuma chake apereka kwa osauka ndipo amene anawalanda awabwezera kanayi. Ku South Africa komiti ya choonadi ndi chiyanjano imene ankatsogolera Archbishop Desmond Tutu, yomwe inayamba kumva maumboni mu 1996, sinkapereka chikhululukiro cha boma kwa munthu wosaulula zonse. Ku Rwanda, komwe a Wokayika atchula, makhoti a m'midzi a gacaca ankachepetsa chilango kwa amene wavomera poyera zimene anachita. Ngakhale kumeneko ambiri amadandaula kuti choonadi chinanenedwa koma olakwiridwa sanapatsidwe chokwanira. Achimwenewa ngati anali ndi ngongole, abwere ndi mapepala: nyumba inagulitsidwa zingati, ngongole inali zingati, yotsala ili kuti. Mayi apezeredwe pokhala pabwino. Popanda zimenezo, kukumbatirana kwake kukhala kwa pa chithunzi.

Wokayika_Zomba
Funso langa lenileni ndi ili, ndipo sindikufunsa monyoza. Zonse mukunenazi, kukhala pansi, kuitana amalume, kunena zoona, kubweza, makolo athu ankachita pabwalo la amfumu uthenga usanafike. Anthu osapemphera nawonso amayanjana. Ndiye chikhulupiriro chikuwonjezera chiyani?

MkuluWaMpingo_Dowa
Funso labwino, ndipo sindinyoza bwalo la amfumu, ndakhalapo pa milandu yambiri ndipo nzeru zake ndimazilemekeza. Ndikuuzani zimene ndaona pa anthu amene ndakhala nawo pa nkhani zoterezi.

Munthu akalandidwa ndi m'bale wake, chimene chimawawa kwambiri si katunduyo. Ndi mawu amene zochitikazo zimanena mumtima: ndiwe wopanda pake, sunayenere n'komwe kufunsidwa. Bwalo likhoza kukubwezera nyumba koma mawu amenewo n'kutsala. Uthenga umayankha pamenepo. Umati mtengo wako unaikidwa kale pa mtanda, ndipo achimwene ako sangautsitse. Munthu amene wagwira chimenechi amapita kukakamba mlandu wa nyumba ngati mlandu wa nyumba, osati ngati nkhondo yopulumutsa ulemu wake. Amatha kumva mbali ya mnzake osaopa kuti akamva ndiye wagonja.

Chinanso, pabwalo pamakhala wolakwa ndi wolakwiridwa, ndipo n'koyenera. Koma pa gome la Ambuye onse awiri amafika ali ndi ngongole. Fanizo la pa Mateyu 18 la kapolo amene anakhululukidwa matalente 10,000 n'kukakanyanga pakhosi mnzake wa marupiya 100 silikunena kuti ngongole ya mnzakeyo inali yabodza. Inali yeniyeni. Likunena kuti amene wadziwa kukula kwa chimene wakhululukidwa sangayang'ane mnzake ngati chilombo. Apa m'pamene mtendere wa mumtima ndi mtendere ndi m'bale zimalumikizana. Aefeso 2 ikunena kuti Khristu anagumula khoma lolekanitsa Ayuda ndi amitundu, n'kuyanjanitsa onse awiri ndi Mulungu m'thupi limodzi mwa mtanda. Sanapange ntchito ziwiri, ina yokonza mtima, ina yokonza ubale. Inali imodzi.

Ndiye pali milandu imene bwalo lililonse limalephera, wolakwa wakana, kapena wathawa, kapena wamwalira. Wosakhulupirira amatsala ndi mlandu wopanda woweruza, ndipo ambiri amausenza mpaka kumanda. Mkhristu akuuzidwa pa Aroma 12:19 kuti kubwezera ndi kwa Mulungu. Si kuti cholakwacho chafufutika, koma chili m'manja mwa Woweruza amene salandira ziphuphu, ndiye ine nditha kugona. Sindikunena kuti Akhristu onse amakhala motere, mwaona nokha kuti ayi. Ndikunena kuti amene ndawaona akuyamba iwo kupita kwa wowalakwira, popanda chowakakamiza, ambiri mphamvu anaitenga pamenepa.

Wokayika_Zomba
Sindinakhutire pa zonse, makamaka za chiweruzo cha m'tsogolo, chifukwa mawu amenewo agwiritsidwapo ntchito kutontholetsa osauka. Koma mfundo yoyambayo, ya mawu otsala mumtima, ndiyoona. Ndiiganizira.

Mphunzitsi_Wopuma
N'chifukwa chake a Mkulu anayamba ndi kunena kuti apite akam'dzudzule. Kusiyira Mulungu kubwezera si kusiya kufunsa chilungamo.

WaKuChipata
Moni kuchokera kuno ku Zambia, nkhani zotere kunonso n'zambiri. Ndingochenjeza kuti tisawalonjeze mayiwa kuti zonse zibwerera mwakale. Yakobo ndi Esau atakumana patapita zaka 20, Esau anathamanga, anam'kumbatira, analira onse. Koma werengani Genesis 33 mpaka kumapeto: Esau anabwerera ku Seiri, Yakobo analowera ku Sukoti. Anadzakumananso poika maliro a Isake bambo awo. Chidani chinatha, koma sanamange mudzi umodzi. Paulo naye pa Aroma 12:18 anaika mawu oti ngati n'kutheka, monga momwe inu mungathere. Gawo lanu lili ndi malire. Achimwene akakana, inu musadzaziimbe mlandu kuti chikhulupiriro chanu chalephera. Ndipo kukhululukira munthu sikukukakamizani kum'sungitsanso mapepala a munda.

Mtchona_wa_ku_Joni
Izi ndiye ndikuzimva. Kuno ndaona zonse ziwiri. Nthawi ya zipolowe zothamangitsa alendo mu 2008, matchalitchi ambiri anatsegula zitseko, ndipo Central Methodist ya pakati pa Johannesburg inasunga anthu miyandamiyanda, ambiri a ku Zimbabwe. Ife a Malawi kuno wina akamwalira timasonkherana kuti thupi lipite kumudzi, pamenepo sitifunsana kuti ndiwe wa sinodi iti kapena wa chigawo chiti. Koma anthu omwewo, ndalama zimene amatumiza kwawo zomangira nyumba zadyedwa ndi abale, ndipo ena analumbira kuti sadzapondakonso. Ndili ndi mnzanga amene anatumiza ndalama zaka zambiri, kupita kukaona anapeza maziko okha. Amatsogolera mapemphero, koma dzina la mkulu wake salitchula. Ndimutumizira zimene alemba a Mphakati.

Gogo_wa_Mitundu
Pa Luka 12 munthu wina anapempha Yesu kuti auze m'bale wake agawane naye cholowa. Yesu anakana kukhala wogawa, n'kuchenjeza onse za msiriro. Sindikunena kuti mwana wanga NaMbewe ndi wadyera, ayi. Ndikungoti popita kumeneko ayike mayi ake patsogolo, gawo lake pambuyo. Akatero ngakhale achimwene akewo avutika kumutsutsa.

ZaMalamulo_LL
Agogo anena zanzeru, ndipo zikugwirizana ndi lamulo, chifukwa wamasiye ndi amene ayenera kutetezedwa poyamba.

NaMbewe_wa_Chilomoni
Ndabweranso. Ndinaimbira amalume, alongo awo a mayi, ndipo ndinakaonana ndi mkulu wa mlaga wathu. Amalume ayankhula ndi achimwene ndipo avomera kuti tikumane Loweruka likubwerali kumudzi kwa mayi. Sindikudziwa kuti zikatha bwanji, mantha ndili nawo. Ndayamba kuchita zimene ananena a Mphakati, kuwatchula dzina m'pemphero, iwo ndi alamu omwe. N'zovuta kuposa mmene ndimaganizira. Funso lina: kodi alamuwo akhalepo pa zokambiranazo? Azichemwali anga akuti ayi, nkhaniyi ndi ya ana a malemu okha.

Mlendo_ku_Leeds
Ine ndikuti ayi pa ulendo woyamba. Mwamuna pamaso pa mkazi wake amavutika kuvomera kuti analakwa. Muwauze amalume akumbutse za mapepala ogulitsira nyumba.

MayiWaChigwirizano
Ine ndikuona mosiyana. Mukawasiya kunja, akamva nkhaniyo kuchokera pakamwa pamodzi, ndipo zimene mwamanga masana zikagumulidwa usiku. Komanso ngati panalidi ngongole, iwo ndi amene akuidziwa bwino. Ndipo mayi NaMbewe, ngati mawu a mneneri aja munauzako wina aliyense, dziwani kuti anawafika alamuwo. Pamenepo inunso muli ndi choti mukonze nawo.

NaMbewe_wa_Chilomoni
Ndinauza azichemwali anga onse awiri. Ndakumvani mayi.

MkuluWaMpingo_Dowa
Mutha kuchita zonse ziwiri tsiku limodzi. Alamu abwere nawo kumudziko, koma chigawo choyamba mukhale ana a malemu, mayi, amalume ndi mkulu wampingo. Mukatsegula ndi pemphero, mayi ayambe ndiwo kuyankhula, chifukwa ndi amene anachotsedwa m'nyumba ndipo mpaka pano palibe anawafunsa. Kenako achimwene afotokoze za matenda a bambo ndi ngongole popanda wowadula mawu, ndipo inu muwathokoze pa zimene anachita nthawi ya matenda, chifukwa zimenezo anachitadi. Mukafika pa ndalama, chilichonse chimene mwagwirizana chilembedwe ndipo onse asaine. Alamu aitanidwe chigawo chachiwiri, ndipo za mneneri zija mukazikambe inuyo ndi iwo, pamaso pa amalume. Zikapanda kutha Loweruka, musanyamuke musanapangane tsiku lina.

Namwino_wa_Usiku
Ndipo kuchipatala mupite lisanafike Lowerukalo, osati pambuyo pake.